Mkangano wa kumaliro uja sitinauyambe ndife

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa zomwe ndinaona mwezi watha kumaliro a malume anga kumudzi kwathu, mbali ya Mitundu. Malemuwo anali munthu wakudambwe kuyambira ali mnyamata, koma zaka zomalizazi ankaperekezanso akazi awo kutchalitchi, nde atamwalira panabuka nkhani. Amayi a kwaya atangoyamba nyimbo, ng'oma zinamveka chakumanda, abusa nkutseka buku amvekere zilombo zikangofika pano ife tikunyamuka. Thupi lili m'nyumba, adzukulu amaliza kale kukumba, nsima ikuzizira m'mabeseni, anthu akulu akulu akulozana zala. Mpaka amfumu ndi amene anagamula kuti atchalitchi achite zawo kufikira masana, gule abwere pambuyo.

Mu minibasi pobwerera kutauni ndinkangodzifunsa kuti kodi ndewu imeneyi tinaitenga kuti. Amishoni a Dutch anafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, Akatolika nkudzakhazikika ku Mua mu 1902. Anthu amenewa ataona munthu wodzola matope, nthenga kumutu, akutuluka kumanda, anangoti basi uyu ndi satana. Kwa iwo wakufa wapita, akudikira chiweruzo, alibenso zochita ndi amoyo. Pomwe kwa makolo athu wakufa akadali wa pamudzi, amalotetsa, amakwiya, amafuna kuperekezedwa bwino, ndipo gule amabwera kudzagwira ntchito imeneyoyo. Panalinso kulimbirana ana, mphunzitsi akufuna mnyamata kusukulu, akulu akumufuna kudambwe, ndipo m'zaka za m'ma 1920 zinafika poipa m'midzi yambiri ya kuno chigawo chapakati.

Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti makolo athu sanangokhala ngati zitsiru kumaonerera ayi, nawonso ankamuyang'anitsitsa mlendoyo. Mukamuona Simoni pabwalo ndi nkhope yake yofiira ija, ameneyo ndi mzungu wopsa ndi dzuwa. Palinso Maliya. Mzungu ankalemba za ife m'mabuku ake, ife tinkamusema pamtengo nkumuvina, iye osadziwa nkomwe kuti akusekedwa.

Kusamvana komweku kunalinso pa malo, ndipo apa mpamene panapweteka kwambiri. Mfumu ikalandira nsalu ndi mikanda inkati ndi mphatso ya mlendo wopempha pokhala, chifukwa dziko sagulitsa, ndi la mbumba ndi ana osabadwa. Mzungu iye ankati wagula mpaka muyaya, ndipo Harry Johnston atakhazikitsa boma la atsamunda mu 1891 anawapatsa zikalata zotsimikiza. Eni nthaka nkusanduka alendo pakwawo. Ngakhale mawu oti thangata, amene ankatanthauza kuthandizana kumunda pachibale, anawapotoza nkukhala ntchito yokakamiza pa esiteti, mpaka lero mukati thangata palibe amaganiza za chifundo. A John Chilembwe podzuka mu Januwale 1915 zina mwa zowawa zawo zinali zimenezi.

Musandimve molakwa, ine ndine mkhristu, ndimapereka chakhumi, ndipo sindingakane kuti amishoni anatibweretsera sukulu ndi zipatala, Buku Lopatulika la 1922 lija ndi limene agogo anga anaphunzirira kuwerenga. Kudambwenso si konse kuli koyera, anyamata ena amathamangitsa ana asukulu ndi kutchingira anthu njira kufuna ndalama, zimenezo nzosayenera ndipo mafumu adzudzule. Koma ndikamva m'Chewa mnzanga, woti agogo ake anali atsabwalo, akutukwana abale ake kuti ndi akunja ndi mawu omwe aja anabwera ndi munthu woti chinenero chathu ankachimva mwa apo ndi apo, mtima umandiwawa. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazindikira Gule Wamkulu mu 2005, azungu omwewo lero akulipira ndalama kudzajambula, ife tikadali kukokana pamaliro, eti.

Ndikupempha atolankhani anu apiteko ku Mua, ku Kungoni kumene bambo Claude Boucher, wansembe wa Katolika, anakhala zaka zambiri akuphunzira ndi kusonkhanitsa nkhope za gule. Akafunse kuti zinatheka bwanji tchalitchi chili apa, nkhope zili apo, kenako atilembere. Mwinanso abusa athu akamaphunzira za ubusa azikafikako.

Kumaliro kuja, abusa atakwera njinga yamoto nkumapita, ndinaona mayi anga aang'ono, mlongo wawo wa malemu, akulowa m'nyumba ndi yunifolomu ya kwaya. Patapita kamphindi anatuluka atamanga chitenje chakale, nkukaima pagulu la amayi omwe amaombera m'manja gule. Nyimbo zake ankazidziwa zonse.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe