Lipoti la ulendo wa ku Johannesburg: mapositala a ana asukulu

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga a makalabu a zojambula,

Munandituma kukakhala nawo pa msonkhano wa aphunzitsi wokambirana momwe ophunzira angalankhulire za chilungamo kudzera m'mapositala. Ndabwerako bwino, ngakhale ulendo wa basi wodzera ku Tete ndi Beitbridge unandithyola msana.

Tsiku loyamba anationetsa ntchito za gulu la Medu Art Ensemble, amisiri a ku South Africa amene ankagwira ntchito ali ku Gaborone, m'dziko la Botswana, nthawi ya ulamuliro wa tsankho. Mapositala awo ankawalowetsa ku South Africa mozembetsa. Mmodzi mwa iwo, Thami Mnyele, anaphedwa pa 14 June 1985 pamene asilikali a boma la tsankholo anakaukira ku Gaborone. Ndinaima nthawi yaitali pa positala ya Judy Seidman yokumbukira amayi amene anaguba kupita ku Pretoria mu 1956: mayi mmodzi, chibakera m'mwamba, unyolo woduka padzanja. Basi. Anatiuzanso za ophunzira a pasukulu ya zojambula ya École des Beaux-Arts ku Paris mu 1968, amene sankalembapo dzina la wojambula, ndipo chithunzi chinkasindikizidwa pokhapokha anzawo akachivomereza pamsonkhano.

Nditatulutsa zojambula za ana athu, ndinachita manyazi pang'ono. Luso lilipo ndithu, koma pepala limodzi likunyamula maukwati a ana, nkhanza, alubino ndi katangale pamodzi, kenako mizere isanu ya Chingerezi pansi pake. Munthu wodutsa pa kabaza angawerenge liti?

Mkangano waukulu unali wa nkhope. Ena ankati mtsikana wolira amagwira mtima. Mphunzitsi wina wamkazi anakana kwamtuwagalu, nati chithunzi chotere chimasiya wolakwa ali phee kumbali. Ine ndinali mbali yake. Malamulo athu aakulu anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Mwana ajambule nkhoswe kapena mfumu imene ikuvomera ukwatiwo, osati misozi yokha. Tinagwirizananso kuti ophunzira asajambule nkhope ya mnzawo wodziwika pasukulu.

Tsiku lomaliza tinasindikiza tokha. Nsalu yopyapyala imakungidwa pa felemu yamatabwa, chithunzi chimadulidwa papepala, utoto n'kuukoka ndi chilabala chophwatalala. Utoto wa mtundu umodzi umakwana, ndipo magetsi safunika.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tivomereze ndalama za mafelemu awiri ndi utoto, kuti pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira 25 November mpaka 10 December, tikamate mapositala a Chichewa kumsika ndi kuchigayo. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa msungichuma.

Ine nthumwi yanu.