Za kuchimuna kwa mfumu ya kwanuko

Mnzanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ndi mlamu kumeneko. Zithunzi za pa 27 Epulo, tsiku lokondwerera kubadwa kwa mfumu, ndinaziona, ndipo malaya a olenji aja akukukhala. Koma unandiseketsa polemba kuti Willem-Alexander, mfumu yanu ya ku Netherlands, ndi wa magazi achifumu okhaokha. Kuchikazi inde. Kuchimuna, ukatsata mzere mpaka kumapeto, ukapeza munthu wosula zitsulo.

Bambo a mfumuyo anali Claus von Amsberg, Mjeremani. Kholo lakale kwambiri lodziwika pa banjali ndi Jürgen Amtsberg, wosula wa m'mudzi wa Schwichtenberg ku Pomerania, m'zaka za m'ma 1600. Patadutsa mibadwo ingapo, mdzukulu wina anakhala m'busa wa mpingo ku Kavelstorf, kufupi ndi Rostock. Iyeyu ndiye anayamba kudzilemba kuti "von Amsberg", monga ankachitira a mabanja olemekezeka, popanda womupatsa ulemuwo. Palibe anamuletsa. Mmodzi mwa ana ake, Philipp August, anatsogolera ntchito ya njanji yoyamba ya boma ku Germany, yochoka ku Braunschweig kupita ku Wolfenbüttel, mu 1838. Banja linakwera, ndipo mu 1891 wolamulira wa Mecklenburg-Schwerin anavomereza dzinalo mwalamulo. Kwa ine m'busa uja ndiye ngwazi ya nkhani yonseyi: anadzipatsa yekha ulemu, boma n'kudzasainira iye atagona kale m'manda.

Tsono Claus anabadwa mu 1926 ku Hitzacker, koma mbali ina ya ubwana wake anakulira kwa anansi athu ku Tanganyika (lero ndi Tanzania), kumene bambo ake ankayang'anira esiteti ya khonje. Atabwerera ku Germany analowa gulu la achinyamata la Hitler, ndipo mu 1944 anamutenga usilikali. Nkhondo itatha anaphunzira zamalamulo n'kuyamba ntchito ya ukazembe, mpaka anakagwirako ku Ivory Coast.

Uganizire tsono mmene Adatchi anamvera atauzidwa kuti Beatrix, amene ankayembekezera kulowa ufumu, akukwatiwa ndi munthu ameneyu, patangopita zaka 20 chichokereni asilikali a Germany m'dziko mwawo. Pa ukwati wa pa 10 Malichi 1966 ku Amsterdam anthu anaponya mabomba a utsi, ena akukuwa kuti awabwezere njinga zawo zimene Ajeremani analanda pankhondo. Komatu Claus sanali Mjeremani woyamba kukwatira m'banja lachifumuli. Wilhelmina, agogo ake a Beatrix, anakwatiwa ndi Hendrik wa ku Mecklenburg-Schwerin, Juliana, amayi ake a Beatrix, ndi Bernhard wa ku Lippe-Biesterfeld. Mibadwo itatu yotsatizana mpando unali wa akazi, amuna akungobwera kudzakhala pachikamwini. Ife Achewa zimenezi sizingatidabwitse.

Mwa akamwini atatuwo, ine ndimati Claus ndiye anadziwa kukhala pamudzi wa eni. Anaphunzira Chidatchi msanga, sanadzionetsere, ndipo mtima wake unali pa chitukuko cha mayiko osauka, makamaka a kuno ku Africa. Mu 1998 anavula tayi pamaso pa anthu pamwambo wopereka mphoto n'kuitaya pansi, ati imamanga munthu pakhosi. Pomwalira mu Okutobala 2002, dziko limene linamukuwiza lija linamulira kwambiri.

Dzinalo lilipobe. Mfumu ndi Jonkheer van Amsberg (Jonkheer ndi dzina laulemu la a mabanja olemekezeka), koma ana ake aakazi atatu salitchulidwa. Amene angalipititse patsogolo ndi Claus-Casimir, mwana wa mng'ono wa mfumuyo, Constantijn.

Popeza Delft si patali ndi kwanuko, ukapeza mpata upite ku tchalitchi cha Nieuwe Kerk kumene Claus anaikidwa, unditumizire chithunzi. Undiperekere moni kwa mlamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Zomba