Khoma la pabalaza lija

Mnzanga NaBanda,

Uthenga wako ndinaulandira Lachiwiri, pepa ndachedwa kuyankha. Zithunzi za mwana ndaziona, koma ndiye wakulatu, ndi yemwe uja tinkamubereka popita kukagula kachewere ku Lizulu? Kuno ku Dedza kuzizira kwayamba kale, m'mawa nkhungu ikumatsika m'phiri mpaka nyumba ya aneba osaiona, ndiye iwe usamandidandaulire za kuzizira kwa ku Joni ngati sunakulire kuno.

Chandilembetsa ine ndi khoma la pabalaza. Ukuikumbuka wallpaper ija unatibweretsera pa basi, yoyera ya timaluwa totukuka, yoti ukaisisita ndi chala imamveka ngati nsalu yopeta? Mvula ya mu February lata limodzi linayamba kudontha pakona cha kuwindo, madzi amangoyenda m'kati mwa pulasitala ife osadziwa, pofika pa Pasaka pepala lonse pamenepo linali litafufuma, kuseri kwake kuli bii, chiswe nachonso chinapezerapo danga. Denga tinakonzetsa, khoma ndalisiya liume kaye chifukwa kumata ponyowa ndi kutaya ndalama. Powonongeka ndi mizere iwiri basi kuchoka kudenga kufika pansi. Mpukutu umodzi umakhala masentimita 53 m'lifupi, m'litali mamita 10, ndiye umodzi wokha undikwanira mpaka kutsalako. Umodzi wokha mnzanga, koma ndiye wandizunguza mutu.

Ku Lilongwe ndapitako kawiri, ndazungulira mashopu a ku Area 2 mpaka mapazi kutupa. Paliponse yankho ndi limodzi, yamtundu uwu anasiya kupanga mayi, tengani iyi. Zimene akundionetsazo ndi zonyezimira, zagolidegolide, zina zojambula njerwa, pabalaza panga zingakhale ngati mu saluni. Mnyamata wina wachifundo anakwera mpaka pamwamba pa shelefu nkunditsitsira ina yoti mtima wanga unachita kudumpha, timaluwa take ngati tomwe tija. Titayika kachidutswa kanga pambali pake ndi pomwe tinaona kuti maluwa ake ndi otalikirana, langa likamabwereza lake lisanafike, ndiye mukamata m'mphepetemo sizikumana, duwa limaduka pakati. Iyeyo ndi amene anandiuza kuti mpukutu uliwonse umabwera ndi kapepala kokhala ndi nambala ya mtundu wake ndi nambala ina ya gulu lomwe unapangidwira, ndipo ngakhale mtundu ukhale womwewo, nambala yachiwiriyo ikasiyana kuyera kwake kumasiyananso pang'ono.

Nditafika kunyumba ndinatsitsa sutikesi ya malemu kukafuna kapepalako, paja iwo sankataya kanthu. Ndinapezamo malisiti a simenti, buku lawo lakuchipatala, tayi ya paukwati wathu. Kapepala ka nambala mulibe. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka kunja kunada, nsima tsiku limenelo anaphika ndi ana.

Achemwali akuti ingomatulani zonse mupake penti, zatha fasho izi. AJere nawonso pomwe anabwera kudzaona denga ananena zomwezo. Sindikuwatsutsa, penti ndiyotchipa ndipo ikupezeka pa boma pompa. Koma khoma limeneli anamata ndi bambo a ana ndi manja awo, iwo ali pamwamba pa tebulo mlamu wako akuwapatsira, Loweruka lathunthu, guluu ali mbwee mpaka m'tsitsi. Pafupi ndi switchi pali pomwe anaphonyetsa, duwa lina linakwera pang'ono kuposa linzake, alendo saona koma ine ndimaliona tsiku lililonse ndikamayatsa getsi. Ndimatule zimenezo?

Ndiye ndikukupempha, ukapeza mpata undiyendereko m'mashopu a kumeneko, makamaka akalekale aja osunga katundu wotsalira, kapena ufunse amene amagwira ntchito yomata m'nyumba za anthu, amakhala ndi zotsala. Chithunzi cha pafoni sichionetsa kutukuka kwake, chimangooneka khoma loyera, ndiye ndajambula usiku nditawalitsa tochi cham'mbali kuti timaluwa tichite mthunzi, ndayikaponso tepi yoyezera. Ndatenganso pepala la m'kope nkuligoneka pakhoma, nkulikhwekhweza ndi pensulo mpaka maluwa onse atuluka. Limenelo pamodzi ndi kachidutswa ndipatsira mwana wa aNangozo, akubwerera kumeneko kumapeto a mwezi, basi yake idzera pa boda ya pompano. Za kuyera kwake usavutike nazo, zotukuka zoterezi zambiri zimalola penti, maluwa akangofanana ndidzapaka khoma lonse kamodzi. Ndalama ndikubwezera, usayambe zako zija zokana.

Zikakanika ndaganiza zomatula ya kuseri kwa kabati, poti kumeneko sikuoneka, nkudzaigamba pakonapo. Akuti chigamba chake uzichita chong'amba ndi manja osati kudula ndi sizasi, m'mphepete mumapyapyala ndiye polumikiza sipaoneka kwambiri. Koma ndikuopa, guluu wagwira zaka zonsezi, ndikangonyowetsa timaluwa tikhoza kuphwa nkuwononga kuwiri.

Chinkhoswe cha mwana wako wamkulu chilipo mu August, akuchimuna ndi a ku Ntcheu cha ku Tsangano, anthu abwino. Apongozi anagonekedwa sabata yatha ndi BP koma atuluka. Mbuzi ziwiri zinabedwa. Ndiye taganiza, anthu adzadzaza pabalaza pomwepa, ankhoswe adzakhala moyang'ana kona imeneyo, pulasitala ali pamtunda. Ndayesa kukokerapo katani sakufika, kalendala ya kutchalitchi ikungobisa theka.

Magetsi anazima masana, foni yatsala pang'ono kuzima nayo. Ndimafuna ndikufunsenso, tsiku lija unkagula unali ndi ndani, mwina iyeyo angakumbuke dzina la shopu, chifukwa ine ndikukumbuka kuti jumbo lake linali la