Lipoti la msonkhano wa ku Mzuzu: kukoka kwa chumuni ndi nkhuni zimene boyila imadya

Kwa a wapampando ndi mamembala onse,

Ife amene munatituma ku msonkhano wa oyendetsa maboyila (ng'anjo zowiritsa madzi kuti atulutse nthunzi) kuno ku Mzuzu tikupereka zimene tinakambirana. Nkhani imene inatenga nthawi yaitali ndi ya chumuni. Ambiri timaona ngati moto wobangula ndiwo moto wabwino, pomwe chumuni chokoka mopitirira chimamaliza nkhuni mofanana ndi chofooka.

Chumuni chimakoka chifukwa utsi wotentha ndi wopepuka kuposa mpweya wa panja. Mpweya wozizira umalowa pansi pa ng'anjo n'kukankhira utsiwo m'mwamba. Mphamvuyi ndi yaing'ono, n'chifukwa chake imayezedwa m'mamilimita a madzi. Chumuni cha mamita 30, utsi uli pa madigiri 250 ndipo panja pali madigiri 20, chimakoka pafupifupi mamilimita 16 m'mbali mwa nyanja ya mchere. Koma Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, kumene mpweya ndi wopepuka, ndiye chumuni chomwecho chimangofika pa mamilimita 14. Amene mukugula boyila yakale yochokera kumadera otsika, muziwerengere zimenezi musanamange. Nyengo nayonso imasintha zinthu: m'mawa wozizira wa mu Juni chimakoka kwambiri, masana a mu Okutobala chimafooka, choncho dampa (kachitseko kochepetsa kapena kukulitsa njira ya utsi) siingakhale pamalo amodzi chaka chonse.

Choyezera sichifuna ndalama zambiri. Tengani paipi yapulasitiki yoonekera mkati, muipinde ngati chilembo U, muthiremo madzi theka, muikhomere pa thabwa pambali pa rula. Mbali imodzi ilumikizidwe ku kachubu kachitsulo kolowa m'ng'anjo, ina ikhale yotsegula. Kusiyana kwa madzi mbali ziwirizo ndiko kukoka kwake. Pamwamba pa moto pakhale kukoka pang'ono, mamilimita 2 mpaka 5. Malawi akamatulukira pakhomo mukatsegula, ndiye kuti kukoka kwachepa.

Kukoka kukachepa utsi umada, nkhuni zimatsala makala m'phulusa, ndipo nthunzi siikwera. Musathamangire kutalikitsa chumuni kapena kugula fani. Yambani mwachotsa phulusa lotseka mipata ya zitsulo zoyalapo nkhuni, mukolope mwaye m'machubu, muone ngati kakhomo kotsukira pansi pa chumuni katsekedwa bwino. Mpweya wozizira wolowera pamenepo kapena m'ming'alu ya njerwa umaziziritsa utsi n'kupha kukoka. Yendetsani kandulo woyaka m'mbali mwa zitseko ndi m'makoma: pamene lawi lakokeredwa mkati, matani ndi dothi losamva moto.

Vuto lobisika kwambiri ndi kukoka kopitirira, chifukwa pachumuni pamaoneka poyera ndipo aliyense amakhutira. Mpweya wochuluka umangolowa, kutenthedwa ndi nkhuni zanu, n'kutuluka. Chipangizo choyezera utsi chikaonetsa okosijeni wokwana 7 peresenti, mpweya woonjezera ndi 50 peresenti ya wofunikira, chikaonetsa 10.5, mpweya wawirikiza kawiri. Tsekani dampa pang'onopang'ono mpaka kautsi kayambe kuoneka, kenako mutsegule pang'ono. Musaitseke yonse moto uli mkati, chifukwa mpweya wosapsa umaunjikana n'kuphulika mukatsegula khomo.

Tikupempha boyila iliyonse ikhale ndi choyezera kutentha pamene utsi ukutulukira. Utsi ukakwera ndi madigiri pafupifupi 22, boyila yataya 1 peresenti ya mphamvu yake. Lembani kutentha kwa utsi tsiku limene mwatsuka machubu, ndipo kukakwera ndi madigiri 40 tsukaninso. Mwaye wa mamilimita 3 umaonjezera nkhuni ndi pafupifupi 2.5 peresenti, koma zokakamira zimene madzi amasiya mkati mwa boyila zimaposa apo: milimita imodzi yokha imatha kuonjezera 5 mpaka 8 peresenti. Komabe utsi usazizire kwambiri. Amene mumawotcha malasha, monga a ku Mchenga ku Rumphi, musautsitse pansi pa madigiri 160, chifukwa salufa wa m'malasha akakumana ndi chinyontho amapanga asidi wodya chumuni chachitsulo.

Za nkhuni tinagwirizana msanga. Paini kapena bulugamu wongodulidwa kumene, theka la kulemera kwake ndi madzi. Kilogalamu ya nkhuni zotere imapereka pafupifupi theka la kutentha kwa nkhuni zouma bwino, komanso imasiya phula m'machubu. Ndi mvula ndi chifunga cha kuno, nkhuni ziwazidwe, zisanjidwe pamwamba pa mitengo, zifoleredwe pamwamba pokha kuti mphepo izidutsa m'mbali. Poponya, ikani zochepa pafupipafupi ndipo mutseke khomo msanga.

Pa msonkhano wathu wotsatira, aliyense abwere ndi kaundula wa masabata awiri: kukoka kwa chumuni, kutentha kwa utsi, ndi kulemera kwa nkhuni zimene zapsa pa shifiti iliyonse.

Ndife nthumwi zanu.