Chilengezo: Loweruka tikuphika pudingi ya buledi ya Khirisimasi

Amayi a gulu la zophikaphika,

Loweruka likubwerali tikumana kukhitchini ya kutchalitchi kwathu kuno ku South Bend, 10 koloko m'mawa, kudzaphunzira kuphika eggnog bread pudding, ija anzathu kuno ku America amaikonda nyengo ya Khirisimasi. Ikatuluka bwino, ndi yomwe tidzaike patebulo pa chakudya cha tonse pa 25 Disembala.

Aliyense abwere ndi izi:
- buledi mmodzi wogona masiku awiri. Wofewa wa tsiku lomwelo ayi, amasanduka phala
- mazira 4
- mbale yolowa mu uvuni, mulembe dzina lanu kunsi kwake
- $5 yogulira eggnog, batala, nutmeg, sinamoni ndi mphesa zouma

Shuga musavutike naye. Eggnog ndi mkaka wosakaniza kale ndi kirimu, mazira ndi shuga, ndiye imatsekemera yokha. Tigula yopanda mowa poti ana adyako. Okonda kuthiramo rum akachitire kunyumba kwawo.

Chonde tisunge nthawi. Buledi tikamuduladula amafunika akhale mu eggnog mphindi 30 kuti amwe bwino, kenako mphindi ngati 45 mu uvuni pa 350°F, mpaka pamwamba pafiire ndipo mpeni ukalowa pakati utuluke woyera. Uvuni ndi umodzi, ochedwa adzadikira.

Yankhani pagulu pano pofika Lachinayi madzulo kuti mubwera kapena ayi, tidziwe kuchuluka kwa eggnog yogula. Amene mkaka umawavuta m'mimba anenenso.

Mlembi wa gulu