Lipoti la msonkhano wa thumba lothandiza okalamba ndi ziweto

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Ndabwerako ku msonkhano umene munandituma, wa matrasti (oyang'anira) a thumba lija lothandiza okalamba ndi ziweto. Zikomo pondikhulupirira.

Ambirife tinkaganiza kuti thumbali ndi bungwe logawa katundu, koma si choncho. Ndalama zake anapereka ndi anthu akufuna kwabwino, ena anachita kulemba mu wilo asanamwalire. Matrasti sadya mbewu ayi: ndalamazo amaziika pamene zingaswane, ndipo phindu lake ndi lomwe amapereka kumagulu ngati lathuli. Chikalata chokhazikitsira thumbali chimatchula ntchito ziwiri zokha, kusamalira okalamba ndi kusamalira nyama. Pempho la china chilichonse, ngakhale chikome bwanji, lamulo siliwalola kulivomera.

Ndikuvomereza kuti popita ndinali ndi funso mumtima: bwanji kugawana ndalama ndi agalu pamene agogo ena akusowa mankhwala? Amene anandiyankha ndi dokotala wa ziweto yemwe analankhula masana. Anafotokoza za okalamba okhala okha amene amakana kugonekedwa m'chipatala chifukwa kunyumba kulibe wodyetsa galu kapena mphaka wawo. Ena amachepetsa chakudya chawo kuti chiweto chisagone ndi njala. Ndinakumbukira agogo amene timawayendera aja. Kangati tawapeza akucheza ndi kagalu kawo pakhomo, ife n'kumangofunsa za thupi lawo basi? Kwa munthu amene anzake a msinkhu wake anatha ndipo ana ali kutali, chiwetocho ndiye mnzake wotsala, chimamudzutsa m'mawa ndi kumuyendetsa panja.

Dokotalayo anatchula bungwe la Cinnamon Trust la ku Britain, lomwe anayambitsa ndi Averil Jarvis mu 1985. Anthu odzipereka a bungweli amayendetsa galu wa munthu amene miyendo yafooka, amasunga chiweto mwini wake akagonekedwa, ndipo akamwalira amachipezera pokhala. Wodwala amapita kuchipatala mtima uli m'malo. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama, zimafuna anthu, ndipo anthu tili nawo.

Nkhani ya chiwewe inakambidwanso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. Kubaya katemera agalu 70 pa 100 alionse m'dera kumadula matendawa. Agogo osayenda sangapite ndi galu kokabayitsa, choncho wina ayenera kuwatengera.

Pa zofunika popempha thandizo, matrasti anatsindika malamulo a gulu olembedwa, akaunti ya kubanki ya gulu osati ya munthu, ndi mabuku a ndalama omveka. Ndalama yopatsidwa ntchito ina siloledwa kugwira ina, ndipo pamapeto amafuna lipoti ndi malisiti. Apa tiyenera kukonza, chifukwa mabuku athu a chaka chatha sanamalizidwe.

Maganizo anga ndi akuti tisalembe mapempho awiri. Tilembe limodzi, lonena za okalamba ndi ziweto zawo ngati khomo limodzi. Tisanalembe, oyendera athu awonjezere mafunso awiri pa ulendo wotsatira: kodi agogo ali ndi chiweto, nanga akadwala amachisamalira ndani? Mayankhowo ndi amene adzatipatse chiwerengero choona choika m'pempho.

Mafomu ndawasiya kwa a Mlembi. Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu ukubwerawu tisankhe anthu atatu olemba pempholi, mmodzi mwa iwo akhale a Msungichuma.

Ine mthumwi yanu.