Chilengezo: Msonkhano wa za Wilo ndi Chisamaliro cha Makolo Okalamba

Mamembala nonse a banki mkhonde,

Loweruka likubwerali tikumana m'holo ya tchalitchi chathu, 2 koloko masana. Kubwera loya wodzatiphunzitsa kalembedwe ka wilo.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Komabe munthu akamwalira wopanda wilo, achibale amayamba kuwerenga mbuzi ndi malata maliro asanatuluke m'nyumba, ndipo ovutika amakhala ana ndi mayi wawo. Wilo imalembedwa papepala, mwini wake n'kusainira pamaso pa mboni ziwiri. Mbonizo zisakhale anthu amene adzalandire chumacho.

Tikambirananso zotsegula thumba lothandiza amene akusamalira makolo okalamba, chifukwa mankhwala a BP ndi shuga, matewera a akuluakulu ndi malipiro a wowayang'anira zikutha ndalama za mabanja ambiri mwa ife.

Mubweretse chiphaso cha unzika, makalata a malo kapena nyumba ngati alipo, mndandanda wa katundu wanu, kope ndi cholembera, komanso K3,000 ya mayendedwe a loya. Amene ali pabanja abwere awiriawiri.

Yankhani pofika Lachinayi madzulo ngati mubwera.

Mlembi wa gulu